Mkamwini Amene Anawomba M'manja Pamaliro

Kwathu ku Tengani munthu umamudziwa ndi manja ake asanatsegule pakamwa. Ndili kamtsikana ndinkatha kukhala kuseri kwa nkhokwe ndikupeta mapira, n'kumva kuwomba m'manja kumpanda, n'kudziwa kuti abwerawo ndi amalume, kapena ndi mayi uja wobwereka sefa amene sankabweza. Amalume ankawomba molemera ngati abwera ndi nkhani ya ng'ombe. Mayi wa sefa ankawomba mofulumirirako, kamanyazi kali m'kati. Amayi ankanditcha wamakutu, ndipo sankanama. Mpaka lero, ndili mphunzitsi wa imvi zanga, ndikakhala pagulu anzanga amayang'ana wolankhula, ine ndimamvetsera manja.

Kuwomba kwathu si kuja kwa kusukulu. Umakhotetsa zikhatho ngati ukufuna kutunga madzi, n'kuzigunditsa modekha kuti zimveke gu, gu, gu. Amuna amalunjikitsa manja, zala kuloza kutsogolo. Akazi timapingasa, bondo litapindika. Ukafika pakhomo pa munthu umawomba. Ukapatsidwa kanthu umawomba usanalandire. Ukafuna kulankhula pabwalo kapena pamaliro umayamba wawomba, ndipo sutsegula pakamwa mpaka anthu atakubwezera ndi manja awo. Kubwezako ndiye kofunika. Munthu akakuwombera iwe osamubwezera, wamusiya panja, ngakhale akhale pamphasa yako akudya nsomba yako.

Kuwomba kwinako, kwa pha-pha-pha, ndinakuphunzira kusukulu, pamene aphunzitsi ankati, "Muwombereni m'manja mnzanu, wakhoza!" Zinandizunguza. Manja ndi omwewo, nanga bwanji akulankhula zinenero ziwiri? Ndinakafunsa bambo anga. Iwo anali mlimi wa thonje ndi mapira, munthu wamtali, wosakonda zolankhulalankhula pakhomo, koma wodziwika m'dera lonse kuti akalankhula pamaliro ngakhale ana amasiya kusewera.

"Baba, bwanji kusukulu timawomba mwina, kuno mwina?"

Anapitiriza kusema mpini umene anali nawo. Kenako anati, "Kusukulu mumawombera munthu kuti wachita bwino. Wowombayo ali pamwamba, akuchonga mnzake. Kuno ukawomba ukunena kuti ndakuonani, ndili pansi panu."

"Nanga iwo akabweza?"

"Akunena kuti nawonso ali pansi pako. Basi nonse mwakhala pansi, nkhani iyambe."

Ndinkafuna kufunsanso, koma anandituma madzi. Ankachita choncho mafunso anga akachuluka.

Mwamuna wanga ndinakumana naye ku Nchalo, kumene ndinayambira uphunzitsi. Ankayendetsa thirakitala yokoka nzimbe kuchoka kumunda kupita kufakitale. Ndi wobadwira m'tauni, ku Ndirande, wokulira pa mpira ndi kwaya. Chimwemwe chake chonse chimathamangira m'manja. Timu yake ikagoletsa pa wailesi, pha-pha-pha. Ndiwo zikakoma, pha-pha-pha, ine wophikayo n'kumayenda monyada ngati ndapambana mpikisano. Ndinamukondera zomwezo, sindingabise. Kwathu amuna amasangalala ngati akuopa kuti wina awalanda chimwemwecho.

Chaka choyamba cha banja lathu chisanathe, bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, anamwalira. Inali nyengo ija yotentha imene mchenga umawotcha ngakhale wovala patapata. Amuna anakhala pansi pa mitengo ya nimu, akazi tinali pafupi ndi nyumba ya siwa. Nthawi yolankhula akubanja itakwana, bambo ananjuta, anawomba, anthu anawabwezera, ndipo anaimirira. Anafotokoza mmene mkulu wawoyo anawaberekera kumsana madzi atasefukira iwo ali kamwana, mmene anawapatsira khasu loyamba, ndi mmene ankawakalipira akalima mizere yokhota ngakhale onse atamera kale ndevu. Anamaliza ndi mawu akuti, "Lero mizere yanga ikhota, ndipo palibe wondikalipira."

Panali zii. Anthu anayamba kukhotetsa zikhatho kuti avomereze mawuwo. Asanagunditse, kumbuyo kwa amuna kunamveka pha-pha-pha-pha-pha!

Sindinatembenuke. Manjawo ndinkawadziwa ngati mawu a mwana wanga. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti mwamuna wanga anachita kuimirira. Anawomba yekha, mokweza, ndi mtima wonse, kenako anazindikira kuti palibe womutsatira, ndipo kuwombako kunayamba kuchepa ngati mvula ikamatha padenga la malata. Mayi wina amene anakhala pambali panga ananditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, "Mwali, funsa amunako, wagoletsa ndani?" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Bambo sanacheuke. Anadikira phokoso lithe, ananjutanso, n'kuwomba okha modekha. Anthu anawabwezera, ndipo mwambo unapitirira ngati palibe chachitika.

Titachoka kumanda ndinamupeza mwamuna wanga kuseri kwa khola la mbuzi atagwira mutu. Ndinabwera ndi ukali wokwana, koma nditaona nkhope yake ukaliwo unasowa polowera.

"Mawu aja anandilowa," anatero. "Ndinakumbukira achimwene anga. Sindinaganize n'komwe. Manja anangothawa okha."

Safunsa anadya phula. Ena anati ine ndinayenera kumulangiza tisanafike. Ndinawayankha kuti ndinakwatiwa ndi munthu wandevu, osati mwana wa sitandade wani. Komabe zopepesa zinayenda mwa mwambo wake. Amalume anamuperekeza kwa bambo atanyamula tambala. Bambo analandira, anati palibe mlandu, ndipo tambalayo anadya nawo mpaka chiwindi. Mudzi wokha ndiwo sunaiwale. Dzina loti a Sitediyamu linamumatirira, moti mpaka pano alipo ana amene amaganiza kuti ndi dzina lake la ubatizo.

Dzinalo ankaliseka nalo. Chimene sankaseka nacho ndi ichi. Kuyambira tsiku limenelo, iye akafika kwathu n'kunjuta, n'kuwomba, bambo ankamuyankha ndi pakamwa pokha. "Mwafika, akamwini? Takulandirani." Manja ali pamaondo. Ankamupatsa mpando, ankauza amayi kuti amuphere nkhuku, ankacheza naye za mitengo ya thonje. Koma manja ali pamaondo. Akabwera wina aliyense, ngakhale woledzera wa m'mudzi, bambo ankakhotetsa zikhatho n'kumubwezera, mwamuna wanga akuona.

Poyamba anaganiza kuti mwina sakuwomba bwino. Anayamba kuyeserera m'nyumba mwathu ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, ine n'kukhala woweruza. Masiku oyamba zinkamveka ngati munthu akumenya nsalu yonyowa pamwala. Ndinkamuuza kuti asiye mpata pakati pa zikhatho, mpweya ukhalemo, ndipo asathamange chifukwa palibe akumuthamangitsa. Anaphunzira. Ndikunena zoona, anafika powomba bwino kuposa alongo anga obadwira pompo. Ana athu anabadwa, anakula akumuona akutero. Mwamuna wangayo anafolera nyumba ya bambo mphepo itasasula denga. Chaka china madzi atatenga mbuzi zathu anasiya ntchito n'kubwera kudzathandiza kusamutsa katundu. Bambo ankathokoza kuchokera pansi pa mtima, mwa chilankhulo chathu, "Takhuta, akamwini, takhuta kwene-kwene." Manja ali pamaondo.

Tsiku lina tikubwerera ku Nchalo mwamuna wanga anandiuza kuti, "Amayi a mwana, ine sindikufuna munda wawo, sindikufuna mbuzi. Ndikungofuna tsiku limodzi andibwezere." Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti kwawo bambo ake anamusiya ali wamng'ono, ndipo bambo angawa ndi amene anawasankha mumtima mwake.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ulendo wotsatira ndinawapeza bambo akutola thonje ndipo sindinazungulire.

"Baba, munthu analakwa kamodzi, anapepesa, tambala munadya. Mpaka liti?"

"Nkhabe, ayi, mwananga, ndilibe naye chifukwa. Ndi munthu wabwino."

"Nanga manjawo?"

Anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. "Ndimafuna. Koma akangonjuta patsogolo panga ndimamva phokoso lija, ndimaona bokosi la achimwene. Manja amalemera okha."

Ndinabwerera kunyumba. Amuna awiri akuluakulu, wina manja ake amathawa okha, wina amalemera okha, ine pakati ndikungomvetsera. Ndinayamba kudabwa kuti kodi manja amamvera ndani. Pakamwa pamatha kunama. Bambo ananena kuti palibe mlandu, ndipo ndikhulupirira kuti mutu wawo unavomereza. Koma zikuoneka kuti m'manja mumakhala zinthu zimene pakamwa pazitaya kale.

M'zaka zimenezo maliro enieniwo anayamba kusintha. Kunabwera zimkuzamawu. Kunabwera akuluakulu a magalimoto amene amafika mochedwa, n'kulankhula motalika, anthu n'kuwawombera pha-pha-pha bokosi lili pomwepo, ndipo palibe amene amawatcha a Sitediyamu. Zimenezo zimandinyansa, sindibisa. Koma ndinaonanso zina zimene zinandisokoneza. Ku Blantyre, pamaliro a mayi wina wa kwa amuna anga amene anatsogolera kwaya moyo wake wonse, bokosi likutuluka m'tchalitchi anthu anayamba kuwomba mokweza, misozi ili chuchuchu. Ndinayang'ana ana ake ndikuyembekezera kuti akwiya. M'malo mwake ndinawaona akuwongoka misana. Pamenepo panalibe wochonga mnzake. Anthu anali ndi chinthu chodzadza pachifuwa, ndipo njira imene ankaidziwa yochitulutsira inali imeneyo. Ndinaganiza za mwamuna wanga ataimirira yekha pansi pa nimu. Mwina manja ake ananena zoona tsiku lija, kungoti ananena pamalo pamene anthu ake samva chinenero chimenecho. Nditawafotokozera bambo za ku Blantyre anangoti, "Kwawo." Ndipo anandituma madzi, ine mayi wa ana atatu.

Kenako bambo anagwa m'munda m'mawa wina. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mwendo wamanzere ukukoka, mkono wamanzere uli lende. Mawu anabwerera pang'onopang'ono mpaka anayamba kumveka bwino. Mwendo nawo unayamba kumvera ndi ndodo. Mkono wokha unakana.

Tonse tinkathokoza kuti ali moyo, koma iwo anadzitsekera. Analeka kupita kumaliro, analeka kupita kubwalo. Mlendo akawomba kumpanda ankauza amayi kuti anene kuti agona. Poyamba tinkaganiza kuti ndi manyazi a kayendedwe. Ndinazindikira tsiku limene amalume anawapezerera pakhonde n'kuwomba. Dzanja lamanja la bambo linanyamuka lokha, litakhota kale, n'kusowa mnzake. Analibweza pabondo n'kuyang'ana kumbali.

Ndinayesa nzeru zanga za uphunzitsi. "Baba, bwanji muzimenya pantchafu? Anthu amvetsa."

"Pantchafu amamenya ndi munthu wopha udzudzu."

"Pachifuwa nanga?"

"Ameneyo ndi wodzitama. Ndisiye, mwananga."

Tinanyamuka kubwerera ku Nchalo. Tili pafupi kufika mwamuna wanga anangoti, "Ndiye basi. Zatha." Ankawamvera chisoni bambo, zimenezo zinali zosachita kufunsa. Koma ndinadziwa kuti akuliranso chake chimene anachidikira zaka zonsezo. Tsopano ngakhale bambo atafuna, analibe chomubwezera nacho.

Bambo anali ndi mnzawo wa kuubwana, msodzi wa kudambo lalikulu la kufupi ndi Chiromo, amene anasamukira mudzi woyandikana ndi wathu madzi atamugwetsera nyumba. Awiriwa anapangana kalekale, ndipo aliyense ankadziwa, kuti wotsala adzalankhula pamaliro a mnzake. Ankachita kuseka nazo, aliyense akuti mnzake atsogole kuti amunene bwino. Uthenga woti msodziyo wamwalira unatipeza tili kwathu pa tchuthi.

"Sindipita," anatero bambo. "Ndikalonga tani, ndikalankhula bwanji? Ndikayamba ndi chiyani?"

Amayi anawakalipira, ine ndinawachonderera, koma zinali ngati tikulankhula ndi mtondo. Mwamuna wanga anatulutsa njinga, anapopa matayala, anamangirira mtsamiro pa kaliyala, n'kuiimika pakhomo. Kenako ananjuta patsogolo pa bambo, anawomba monga mwa nthawi zonse, n'kudikira. Bambo anayang'ana njingayo kwa nthawi yaitali.

"Ndipita kukangokhala," anatero pomaliza. "Sindikalankhula."

Tinawakweza chammbali. Mwamuna wanga sanapalase, ankangokankha akuyenda pansi, ine ndikuwagwirira kumsana. Mumchenga matayala ankatitimira, thukuta likutsika m'khosi mwake mpaka malaya kumamatira. Anthu amene tinkakumana nawo ankapatuka n'kuwomba. Bambo ankangogwedeza mutu, maso ali pansi.

Pamaliro anawapatsa mpando kumbali ya amuna, pansi pa mtengo wa masau. Mwamuna wanga anakhala pansi kumbuyo kwawo, motalikirako, monga mkamwini amayenera. Ine ndinapita kwa akazi, koma ndinasankha pokhala poti ndiziwaona. Analankhula akubanja, analankhula akumpingo. Kenako woyendetsa mwambo, amene ankadziwa za pangano lija, anati, "Mnzawo wa malemu ali pakati pathu. Ngati ali ndi mawu, mpata ndi uwu."

Mitu yonse inatembenukira kwa bambo. Ndinaona dzanja lawo lamanja likunyamuka, litakhota. Analitsitsira pa dzanja lakufa lija limene linali pamiyendo. Sipanamveke kanthu. Anayesanso. Kanangomveka kaphokoso konga ka tsamba likagwa. Anthu anali atakonzeka kale zikhatho kuti abweze, koma analibe choti abweze. Woyendetsa mwambo anayamba kuyang'ana kwa abusa kuti apitirize. Bambo anaweramitsa mutu. Ndinadziwa kuti akalephera apa, sadzatulukanso m'nyumba.

Ndiye ndinaona mwamuna wanga akuyenda ndi maondo. Anadutsa pakati pa amuna awiri, n'kufika pambali penipeni pa bambo, pamalo pamene mkamwini sakhala. Ndinati m'mutu mwanga, a Sitediyamu, mwayambanso chiyani? Iye sanayang'ane munthu. Anatambasula dzanja lake lamanja, chikhatho chitakhota choyang'ana kumwamba, dzanja linalo litagwira pamkono monga timachitira polandira kanthu kwa wamkulu. Analiika patsogolo pa bambo n'kuweramitsa mutu.

Bambo analiyang'ana dzanjalo. Ndi dzanja lomwe lija, panalibe pamaliropo wachikulire amene sankalidziwa. Sindikudziwa kuti anaona chiyani m'maso mwawo nthawi imeneyo, kaya bokosi la achimwene awo, kaya la mnzawo limene linali patsogolo pawo. Ndinangoona akukweza dzanja lawo.

Gu. Gu. Gu.

Zinamveka bwinobwino, mozama, ngati manja a munthu mmodzi. Amuna anabweza. Akazi tinabweza. Mayi amene anali pambali panga anabweza akulira.

Bambo analankhula atakhala pampando. Sanatalikitse. Anati iwo ankalima, mnzawoyo ankawedza, ndipo moyo wawo wonse wina ankabwera ndi mapira, wina ndi mlamba wouma, osafunsana kuti wapereka zambiri ndani. Anati mnzawoyo ankanama kwambiri za kukula kwa ng'ona zimene anakumana nazo, ndipo anthu anaseka pang'ono m'kati mwa misozi. Anati, "Tinapangana kuti wotsala alankhule. Wandisiyira ntchito, monga ankachitira nthawi zonse." Atamaliza anakweza dzanja osayang'ana n'komwe pambali, ndipo linzake linali pomwepo likudikira.

Pobwerera palibe amene anayambitsa nkhaniyo. Bambo anadandaula za mtsamiro kuti waterereka, mwamuna wanga anaima n'kuukonza. Ine ndinali ndi mafunso odzadza m'kamwa, koma tsiku limenelo ndinawameza.

Titafika kunyumba mwamuna wanga anawatsitsa, anawakhazika pampando wawo wa pakhonde, n'kuwaikira ndodo pafupi. Kenako anabwerera m'mbuyo, ananjuta, n'kuwomba kuti achoke akatsamiritse njinga. Anali atayamba kale kudzuka, chifukwa anazolowera kuti yankho limabwera ndi pakamwa.

"Akamwini," anatero bambo.

"Wawa, bambo."

"Mukupita kuti ndisanakubwezereni? Bweretsani dzanja lija."

Mwamuna wanga anayenda ndi maondo kachiwiri tsiku lomwelo. Anatambasula chikhatho. Bambo anachiwomba modekha, osathamanga, akumuyang'ana kumaso. Amayi, amene anali kutuluka ndi madzi akumwa, anaima pakhomo chikho chili m'manja.

Ine, mwana wa ku Tengani, wodziwa mwambo kuyambira ndili kuseri kwa nkhokwe, ndinamva manja anga akunyamuka okha, atatambasuka, akufuna pha-pha-pha. Ndinawakulunga msanga m'chitenje n'kuwapanikiza pamimba. Mwamuna wanga anadzuka, anatenga njinga n'kupita nayo kuseri kwa nyumba, ndipo anachedwako kwambiri.